Masiku anayi padenga ku Buzi

Mpaka lero, mvula ikayamba kugunda malata usiku, tulo timandithawa. Ndimadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kutsitsa phazi limodzi pang'onopang'ono kuti ndimve ngati pansi pali pouma. Pakakhala pouma ndimatsitsa linalo. Ana anga anazolowera, safunsanso. Koma inu ndikuuzani. Kutchalitchi ndikaimirira kuchitira umboni ndimangonena theka la nkhaniyi, theka limene anthu angaliwombere m'manja. Theka linalo lakhala likundilemera pachifuwa, ndipo lero ndilitula.

Ine ndine mayi wa ku Bangwe, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Dzina la Beira ndinakula nalo m'makutu. Malemu bambo athu ankagwira ntchito kunjanji, ndipo madzulo akakhuta ankatisimbira za sitima yotsika kudzera ku Nsanje, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, mlatho woti ukalowa umaiwala kuti uli ndi mathero, mpaka kukafika kumene nthaka imathera. Ankati kumeneko kuli nyanja yoti madzi ake sungamwe, nyanja yochoka yokha n'kubwerera yokha kawiri pa tsiku. Ife ana odziwa Mudi ndi Shire tinkangoseka. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanjiyo, nkhanizo zinasanduka nthano za pamoto.

Ndiye achimwene anga atapeza ntchito yoyendetsa mapepala a katundu wa Amalawi padoko la Beira, n'kukwatira mkazi wa konko, n'kubereka mwana wamkazi, amayi anati: "Ine miyendoyi yakana. Pita iwe ukandionere mdzukulu." Ndinamanga ufa woyera, usipa, nyemba ndi chitenje chatsopano cha mlamu wanga. Munali mu Malichi 2019, Lenti itangoyamba. Kwathu mvula inali itavuta sabata yonse, ku Nsanje ndi ku Chikwawa midzi ili m'madzi. Podutsa pachipata cha Mwanza kulowa Zobue ndinapuma mpweya wautali, mumtima ndikuti mvula ndaisiya kumbuyo. Chonsecho mvula yomweyo inali ikutsikira kunyanja, kukatenga mphamvu kufupi ndi Madagascar, kuti itembenuke idzandipeze kumene ndikupita. Tsoka silinunkha.

Tinadutsa Tete kotentha ngati m'ng'anjo, Chimoio, Inchope, kenako msewu unayamba kutsika. Kuchokera ku Nhamatanda dziko linangoti see, lopanda kaphiri ngakhale kamodzi, minda ya mpunga ndi madambo mpaka kumene maso alekera. Ine wobadwira m'tsinde mwa phiri la Bangwe ndinaona ngati dziko lavulidwa.

Achimwene ankakhala ku Manga, dera la kufupi ndi bwalo la ndege. Masiku anayi oyambawo anali okoma, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezi, chifukwa ndikatchula Beira anthu amangoganiza za maliro. Mlamu wanga, mwana kumsana, ananditenga paliponse. Tinkakwera maminibasi amene iwo amati chapa, pena tinjinga tamoto ta miyendo itatu totchedwa txopela. Tsiku loyamba anandifikitsa ku Macuti, pamene pali nsanja yamizeremizere yofiira ndi yoyera yowunikira sitima usiku, ndi chigoba cha sitima yakale chochita dzimbiri pamchenga. Ndinavula nsapato. Ndinalowa mpaka mu akakolo, funde likubwera ine n'kuthawa, likubwerera ine n'kulitsatira. Ndinatunga m'manja n'kulawa. Mchere weniweni. Ndinalira pamenepo, ndikupepesa bambo mumtima chifukwa cha kuseka kuja. Titadya nsomba yokazinga n'kubwereranso, madzi anali atapita kutali, pasiya matope onyezimira, amayi akutola tinkhono pamene ine ndinaima m'madzi m'mawa.

Tinapita ku Ponta Gêa kukaona Grande Hotel, chinyumba chimene Apwitikizi anamanga m'zaka za m'ma 1950 kuti chikhale hotela ya anthu olemera, koma chinangogwira ntchito zaka zochepa. Tsopano mukukhala mabanja osauka ochuluka zedi, mitengo yamera pakhonde la m'mwamba, zovala zayanikidwa m'mawindo opanda magalasi. Kumsika wa Maquinino ndinafunsa mitengo ya kaunjika, poti wamalonda saiwala ntchito yake, ndipo ndinadabwa kuti ndikalankhula Chichewa pang'onopang'ono, amayi a Chisena ankandimva, inenso ndinkawatola ngati mmene timamvanirana ndi anzathu a ku Nsanje. Tinaima panja pa siteshoni ya sitima, ndinagwira khoma lake poganiza kuti bambo anapondapo. Tinadutsa ku Munhava, kumene nyumba zathithikana m'mbali mwa ngalande, ndipo mlamu anandiuza kuti mbali zina za mzindawu n'zotsika kuposa nyanja ikadzadza. Lachiwiri tinakafika mpaka ku Dondo, makilomita ngati 30 kuchokera m'tauni, kumene njanji yopita kwathu imapatukana ndi ya ku Zimbabwe. Tinagula chinanazi ndi buledi wawo wotchedwa pão, tikudya m'chapa ngati ana asukulu.

Madzulo a tsiku limenelo wailesi inali kale pa nkhani imodzi: namondwe wotchedwa Idai akubwera, ndipo walunjika Beira. Anthu sanatekeseke kwenikweni. Ena ankaika matumba a mchenga ndi miyala pamalata. Mlamu nkhawa yake inali pa amayi ake, amene ankakhala okha ku Buzi, tsidya lina la madzi, m'nyumba ya mitengo yomata ndi dothi. Anati apita Lachitatu akawatenge, abwera nawo Lachinayi m'mawa. Achimwene anati, "Achemwali, inu tsalani." Ine ndinakana. Palibe anandikakamiza. Ndinkafuna kukwera boti panyanja yamchere, ndione dera linanso, ndidzakhale ndi chosimba ku Limbe.

Tinakwerera ku Praia Nova, pagombe la asodzi. Boti la matabwa la injini linadula pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, n'kulowa mumtsinje wa Buzi, pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere. Patapita maola angapo tinafika. Buzi ndi katauni kachete, kamitengo ya kokonati ndi mango, kali ndi chifakitale chakale cha shuga chimene chinaleka kugwira ntchito. Anthu ake ambiri amalankhula Chindau, ndipo apa Chichewa changa chinathera. Agogo, amayi a mlamu aja, anatilandira ndi mpunga wa m'munda mwawo, anandipatsa mphasa yabwino koposa zonse.

Lachinayi pa 14 Malichi tinalawirira kudoko ndi katundu wa agogo. Panalibe boti lonyamuka. Eni ake anali atawakokera kumtunda n'kuwamanga. Kumwamba kunali kwa mtundu wachilendo, ngati phulusa losakaniza ndi dothi la katondo. Tinabwerera.

Mphepo inayamba masana, koma itafika usiku inasanduka chinthu china. Si kuwomba kuja mumakudziwa. Inkalira. Inkakhala ngati sitima ikudutsa pamutu osatha. Nyali inazima. Khoma linkapuma ngati chifuwa cha munthu, kulowa, kutuluka. Kenako msomali woyamba unazuka. Wachiwiri. Lata limodzi linayamba kumenya, pha, pha, pha, kenako denga lonse linangonyamuka. Ndinayang'ana kumwamba, kulibe kanthu. Mdima ndi madzi basi. Tinakwawira pansi pa tebulo, agogo, mlamu, mwana ndi ine. Mvula inkabaya ngati mchenga woponyedwa. Kunja malata ankauluka ngati mapepala, ndipo lina likagunda mtengo linkalira ngati munthu. Ndinagwira mwendo wa tebulo ndi dzanja limodzi, linalo mutu wa mwana. Ndinayamba Atate Athu kosawerengeka, sindinamalize ngakhale kamodzi. Pakati pa usiku kunangoti zii kwa kanthawi, agogo n'kutigwira kuti tisatuluke. Mphepo inabweranso kuchokera mbali ina, yolusa kuposa poyamba.

Kutacha tinali amoyo. Khoma limodzi linali litagwa, mitengo ya mango yazuka ndi mizu yomwe, kokonati zili mbwee paliponse. Foni inalibe netiweki. Koma anthu ankamwetulirana, kugwirana manja, chifukwa tonse tinkaganiza kuti chachikulu chapita. Lachisanu ndi Loweruka tinatola malata, tinakhoma kachisakasa, tinayesa kuyatsa moto ndi nkhuni zonyowa mvula ikugwabe. Ine maso anga anali kunyanja. Ndinkati ngati madzi abwera, achokera kumeneko. Palibe anatiuza kuti namondwe uja wakatula mvula yake yonse kumapiri a kumalire ndi Zimbabwe, cha ku Chimanimani, kumene mitsinje yothira mu Buzi imachokera, ndipo madzi onsewo ali panjira kutsikira kwa ife.

Usiku wa Loweruka ndinamva anthu akukuwa kunja: "Mvura! Mvura!" Ndinatembenuka pamphasa. Mumtima ndinati, mvula imeneyi yakhala ikugwa masiku atatu, akukuwiranji lero? Sindinkadziwa kuti m'Chindau liwu lomwelo limatanthauzanso madzi. Mlamu ndiye anandimenya paphewa. Nditatsitsa dzanja, mphasa inali ikuyandama.

Tinatuluka madzi ali mu akakolo. Pofika pamsewu anali m'mawondo. Ozizira. Othamanga. Onunkha matope a kumunda, ngati Shire akasefukira. Mlamu anamanga mwana pachifuwa, dzanja lina akukoka agogo. Anthu onse ankalowera ku nyumba ina ya njerwa za simenti, ya denga la konkire lathyathyathya. Panjira mayi wina woyandikana ndi agogo anali ndi ana atatu, wina kumsana, wina paphewa. Wachitatu, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, anakankhira kwa ine. Sanalankhule. Anangotenga dzanja la mwanayo n'kuliika m'dzanja langa.

Ndinaligwira. Mulungu ndi mboni, ndinaligwira.

Madzi anafika m'chiuno. Kwa iye anali m'khosi. Ndinamunyamula m'khwapa. Tinayenda. Phazi langa linaponda pamene panalibe pansi. Ngalande. Ndinamira. Madzi m'mphuno, m'kamwa, m'makutu. Chinthu cholemera chinandigunda m'nthiti, kaya thabwa kaya mtengo. Manja anatseguka okha. Nditatulutsa mutu ndinali ndekha. Ndinapapasa uku, ndinapapasa uku. Udzu. Chigubu. Nthambi. Ndinakuwa, koma dzina lake sindinkalidziwa. Ndinkangoti, "Mwana! Mwana!" Bambo wina anandigwira tsitsi n'kundikokera kukhoma.

Anandikweza pamakwerero ondikankha kumbuyo. Padengapo panali kale anthu ambiri, ndipo kutacha ndinawerenga 43, osawerengera makanda. Mayi uja anali pomwepo. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana m'manja mwanga, anayang'ana kumbuyo kwanga. Ndinagwada pakonkire. Ndinalibe liwu limodzi la chilankhulo chake loti ndimuuze. Mlamu anayamba kumasulira, koma mayiyo anakweza dzanja kuti asiye. Anakhala pansi, nakumbatira ana awiri otsalawo, n'kuyamba kugwedezeka chamtsogolo ndi cham'mbuyo. Sanalire mokweza tsiku limenelo.

Ili ndi theka lija sindilinena kutchalitchi.

Kutayera bwino tinaona kuti Buzi kulibe. Kunali nyanja yofiirira kuyambira kumene tinali mpaka kumene kumwamba kumakumana ndi dziko, mwatulukira nsonga za mitengo ndi madenga owerengeka, ndipo paliponse potulukira panali anthu. M'mitengo ya mango munali anthu atadzimangirira kunthambi ndi zitenje. Chapatali, pamipando yokwera ya bwalo la masewero, anthu anali atadzaza tho. Madzi anali atatsala pang'ono, ngati kutalika kwa mkono wanga, kuti afike pamene tinakhala. Mnyamata wina ankaika chizindikiro pakhoma ndi msomali, ndipo tonse tinkayang'ana msomali umenewo ngati ndi wansembe paguwa.

Pamadzipo pankadutsa chilichonse. Mbuzi, nkhumba, ng'ombe zotupa miyendo ili m'mwamba, matiresi, chitseko chili ndi nkhuku ziwiri zamoyo pamwamba. Ndi anthu. Wina atadutsa chafufumimba, atavala malaya ofiira, amayi anaphimba ana m'maso. Ine aliyense wodutsa ndinkamuyang'anitsitsa msinkhu, mtima uli m'khosi. Njoka nazo zinkafuna pouma pomwepo, ndipo amuna ankasinthana kulondera m'mphepete ndi mtengo m'manja.

Za thupi ndikuuzani mosabisa, poti ndi zimene munthu amakumana nazo. Zovala sizinaume masiku onsewo. Khungu la kumapazi linayera mbuu, linakwinyika, kenako linayamba kusupuka pakati pa zala. M'nthiti mmene munandigunda chinthu chija munkabaya ndikapuma. Usiku tinkanjenjemera mpaka mano kugundana, tikukhala mothinana msana ndi msana ndi anthu osawadziwa, mwamuna kaya mkazi, manyazi atatha. Dzuwa likatuluka konkire inkatentha, milomo n'kung'ambika. Kudzithandiza tinkapita kungodya imodzi, amayi awiri atatambasula chitenje. Tsiku lachiwiri ndinayamba kusamba kumwezi, masiku ake asanakwane. Ndinang'amba m'munsi mwa siketi. Mtsikana wina ataona, anavula mpango wake kumutu n'kundipatsa osandiyang'ana kumaso, kuti ndisachite manyazi.

Ludzu ndiye linali chilombo. Madzi ali ponseponse, koma ndi omwe aja mukuyandama mitembo. Panali mphika umodzi ndi beseni limodzi zimene wina anakwera nazo, ndipo mvula ikagwa tinkatchera, ena atatambasula pepala la pulasitiki kuti madzi atsetserekere mumphika. Mvula yomwe inatiwonongayo tinayamba kuipempha. Ankagawa ndi bambo wina wachikulire, Msilamu wa kapu yoyera, pogwiritsa ntchito chivindikiro cha botolo: ana poyamba, oyamwitsa, okalamba, kenako ife. Palibe anakangana naye. Iye akamaswali ife tinkakhala chete, ife tikamayimba iye ankaweramitsa mutu. Anyamata awiri olimba mtima ankadzimanga chingwe m'chiuno n'kusambira kukatola kokonati zoyandama. Kokonati imodzi inkadyedwa ndi anthu khumi.

Lolemba mkaka wa mlamu unauma. Mwana anayamwa, anayamwa, n'kulira, kenako analeka kulira. Kuleka kumeneko kunandiopsa kuposa mphepo ija. Maso analowa, paliwombo panalowa. Agogo ankatafuna kokonati mpaka isalale n'kumamupaka mwanayo pamilomo. Mlamu anandiyang'ana nati, "Alamu, ndikawauza chiyani achimwene anu?" Ndinalibe yankho. Ndinamutenga mwanayo n'kumuika pakhungu langa m'kati mwa bulauzi kuti amve kutentha, ndikuwerenga kupuma kwake usiku wonse.

Usiku womwewo ndinayamba kuona zinthu. Ndinkamva kadzanja kaja m'dzanja langa, konyowa, kakuterera. Ndinayamba kuganiza kuti m'mphepete mwa denga si patali, kuti ndikangodzigubuduza palibe angadziwe msanga. Sindinauzepo munthu zimenezi. Mwina ndinasuntha, mwina ndinalira mokweza, chifukwa ndinangomva dzanja likundigwira pamkono. Anali mayi uja. Mayi wa mwana uja. Anali atasunga gawo lake la madzi a kokonati m'chigoba, ndipo anachiika pamilomo panga. "Mvura," anatero. Ndinakana, ndikupukusa mutu. Anandigwira chibwano monga umagwirira mwana wokana mankhwala, n'kundimwetsa. Kenako anamasula chitenje chake chimodzi, chimene kumeneko amati capulana, anandifunditsa pamodzi ndi khanda lija, n'kukhala atatsamira msana wanga mpaka kunacha. Amene anamutuma ndikumudziwa. Koma mpaka lero ndikaganiza kuti anatuma iyeyo, mwa anthu onse 43, mawondo amandifooka.

Mahelikopita anayamba kumveka. Tinkavula zovala n'kumakupiza, kukuwa mpaka mawu kutha. Ankapita kaye kwa a m'mitengo, ndipo zinali zoyenera, chifukwa kumeneko anthu ankagwa akagona. Komabe ikatembenuka n'kumachepa kumwamba, mtima unkasweka. Lachiwiri imodzi inatsika pafupi n'kuponya makatoni a mabisiketi ndi mabotolo a madzi. Ena anagwera m'madzi, anyamata aja n'kuwasambirira. Tinanyika bisiketi m'madzi oyera n'kumudontheza mwana m'kamwa. Anameza. Anamezanso. Patapita nthawi analira, kaliwu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, ndipo denga lonse linasekerera. Msomali uja nawo unayamba kutsala m'mwamba. Madzi anali akutsika.

Lachitatu kunabwera boti la asodzi a ku Beira. Anthu wamba, opanda yunifolomu, amene anangoona kuti tsidya lina kuli anzawo. Anati atenga odwala, okalamba ndi a makanda. Mlamu, agogo ndi ine tinalowa. Ndinamukoka mayi uja kuti tipite, malo analipo. Anakana. Analoza kumadzi, kumene kunali ngalande ija, n'kudziloza pachifuwa. Mlamu anandinong'oneza kuti akuti sachoka mpaka madzi aphwe amupeze mwana wake, amuike m'manda ndi manja ake. Ndinayamba kuvula capulana ija kuti ndimubwezere. Anaibweza paphewa panga n'kuimanga mfundo.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka kuti mtsinje unalibenso magombe, woyendetsa ankangolondola nsonga za mitengo, ndipo m'mitengo ina munali anthu akutiitana ife tilibe malo. Ndikukumbuka mayi wina akusanza pamapazi anga, ine osasuntha n'komwe.

Ku Praia Nova kunali khamu la anthu oyang'ana boti lililonse lofika. Zisakasa za asodzi zimene ndinaziona sabata yapitayo kunalibe. Ndisanatsike ndinamva liwu: "Achemwali! Achemwali!" Achimwene analowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. Kuyambira Lachisanu ankayenda wapansi kuchokera ku Manga tsiku lililonse, kudumpha mitengo ndi mapolo a magetsi, kudzaima pagombepo mpaka mdima. Anatenga mwana, anamuyang'ana ngati akupuma, kenako anangokhala pansi m'madzimo n'kulira ngati kamnyamata. Anthu a chithandizo anatitsuka zilonda za kumapazi, mwana anamuika madzi a m'botolo kudzera mumtsempha. Nesi amene ananditsuka mapazi ankagwira pang'onopang'ono ngati akugwira dzira.

Beira amene ndinamukonda uja anali wosazindikirika. A Red Cross ananena kuti pafupifupi 90 peresenti ya mzindawu inawonongeka, ndipo ine amene ndinauona ndi maso sindikutsutsa. Pafupifupi nyumba iliyonse inali yopanda denga, masukulu ndi matchalitchi ali pululu, mitengo ikuluikulu ya m'misewu itagona. Magetsi kunalibe, madzi a m'mipopi kunalibe, msewu waukulu wa EN6 umene ndinadzera unali utaduka, moti mzinda wonse unasanduka chilumba. Kwa achimwene kunatsala chipinda chimodzi chofolera, ndipo tinkagonamo anthu 11 pamodzi ndi oyandikana nawo. Ufa uja ndinabwera nawo kuchokera ku Bangwe unapulumuka chifukwa unali mundowa yotseka. Nsima yoyamba imene ndinadya, ya usipa wowotcha wopanda tomato, ndinaidya ndikulira, misozi ikugwera m'mbale.

Netiweki itayamba kugwira pamalo ena m'tauni, tinayenda mtunda wautali kukaima pakati pa anthu mazanamazana, aliyense foni m'mwamba. Inalowa kachitatu. Anayankha ndi mwana wanga wamkulu, ndipo kumbuyo kwake ndinamva nyimbo za amayi a kumphakati. Anali akusonkhana kwathu madzulo aliwonse, chifukwa kwa sabata yathunthu wailesi inkangonena za mitembo, ndipo Pulezidenti Filipe Nyusi anali atanena kuti akufa akhoza kupitirira 1,000. Amayi atalandira foni sanandipatse moni. Anati, "Ndiwe ndani?" Ndinatchula dzina langa. Anati, "Nena dzina limene ankakuitana bambo ako." Nditalinena ndinangomva foni ikugwa pansi, kenako nthungululu.

Kumapeto kwa mweziwo kolera inabuka, kuyambira ku Munhava kuja tinadutsa tikuseka. Tinkawiritsa dontho lililonse. Kumayambiriro kwa Epulo anabweretsa katemera wakumwa, ndinamwa kabotolo kanga, ndipo msewu utakonzedwa ndinakwera basi. Pakati pa Dondo ndi Nhamatanda minda ya mpunga ija inali matope okhaokha, anthu akukhala m'matenti m'mbali mwa msewu. Ndinafika ku Bangwe Pasaka asanakwane, ndikuyenda ngati nkhalamba chifukwa cha mapazi. Boma la Mozambique linawerenga akufa opitirira 600, ku Zimbabwe opitirira 300, kwathu kuno pafupifupi 60. Nambala zimenezi ndikazimva, ine ndimaona kamtsikana kamodzi kovala diresi yachikasu.

Mwana wa achimwene anachira, pano ndi wolongolola zedi. Agogo anakhazikika ku Guara-Guara, kumtunda kumene anthu ambiri a ku Buzi anasamutsidwira. Kudzera mwa iwo ndinamva kuti mayi uja anamupeza mwana wake madzi ataphwa, atakodwa m'mipanda ya munda wina, ndipo anamuika. Ndinatumiza kandalama kochepa ndi mawu opepesa amene ndinawalemba n'kufufuta kambirimbiri. Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, lapakamwa, kudzera mwa agogo, kenako mlamu, kenako achimwene. Anati akamuuze mlendo uja kuti anaona ndi maso ake mmene anamirira, ndipo akufunsa ngati nthiti zinapola.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika ku Blantyre, matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, ine ndinali pakona ya chipinda changa ku Bangwe, ana ndawakumbatira, thupi lonse likunjenjemera ngati ndabwerera padenga paja. Mwana wanga wamng'ono anatsegula sutikesi, anatulutsa capulana ija, yobiriwira ya maluwa oyera, yong'ambika pakona imodzi, n'kundifunditsa. Kutacha ndinaivala m'chiuno, ndinatenga ndowa ya ufa ndi mabelo awiri a zovala za ana amene ndinali ndisanatsegule, n'kupita kusukulu kumene anasonkhanitsa opulumuka. Pakhomo la kalasi panakhala mayi wina, matope mpaka m'tsitsi, manja ali pamiyendo chotsegula, akuwayang'ana. Ndinakhala pansi pambali pake, n'kutsamira msana wake.